Geti Lomanga ndi Chingwe

Dzina lawo la ubatizo linalembedwa pamtanda wa pamanda, ndipo ambiri analiwerenga koyamba tsiku la maliro awo. Moyo wawo wonse ankangotchedwa a Kuchitsime.

Anabadwira m'banja loweta ng'ombe za eni. Bambo awo anamwalira iwo akadali aang'ono, choncho sukulu anailekera pomwe anadziwira kuwerenga Baibulo. Chaka china cha chilala, ali mnyamata, anayenda ndi ng'ombe za abwana awo kufuna madzi, napeza dziwe lotchingidwa ndi waya, geti lili lokhoma ndi loko. Ng'ombe zinanunkhiza madziwo n'kuima pawaya zikulira, ndipo zina zinagona pomwepo osadzukanso. Nkhaniyi sankakonda kuifotokoza. Ankangoti tsiku limenelo analonjeza Mulungu kanthu.

Atakwatira n'kupeza malo awoawo, anakumba chitsime nyumba isanathe. Akazi awo anawaseka mpaka ukalamba kuti anakwatiwa ndi munthu amene anamwetsa ng'ombe asanafolere mkazi nyumba. Pambali pa chitsimecho anamanga chomwera chachitali cha simenti. Geti lolowera kumeneko ankalimanga ndi chingwe, mfundo yake yomasuka ndi dzanja limodzi, kuti ngakhale mayi wosenza ndowa atsegule osatula. Ng'ombe ya aliyense inkamwa, ndipo palibe ankafunsidwa kuti ndiwe wa kwa yani.

Kutchalitchi sanakhalepo pampando wakutsogolo. Yawo inali ntchito ya belu, tsache ndi kukhoma mabenchi ogwedera. Ngolo yawo inanyamula odwala kupita kuchipatala, njerwa za sukulu, ndiponso mabokosi a maliro a anthu amene abale awo analibe pogwira. Akathokozedwa ankati zikomoyo mukauze ng'ombe, ndi zomwe zakoka.

Mwana wawo wachisamba, amene anakulira m'khola limodzi nawo, ndiye anaona mtengo wake wa zonsezi. Chaka china wogula ng'ombe wa kutsidya anabweretsa ziweto zake pachomwerapo akudziwa kuti zikudwala. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi analowa m'khola, ndipo ng'ombe zimene a Kuchitsime anaweta kuyambira unyamata zinatha, kutsala zowerengeka. Pokwirira zakufazo anali awiri okha, bambo ndi mwana. Omwetsa pachitsimepo aja anangoti zii, aliyense kwawo.

Mwanayo anapita kugolosale n'kubwera ndi loko. Bambo ake analitembenuza m'manja, nalitamanda kuti ndi lolimba, kenako analipachika pamsomali kukhitchini.

"Bambo, anthu amenewa atimaliza, inu mukuwatsegulirabe?"

"Atimaliza ndi anthu, mwana wanga. Ludzu lili ndi ng'ombe."

Loko lija linakhala pamsomalipo zaka zambiri, ndipo mwanayo sanalichotse kapena kuliiwala. Akazi awo atamwalira, a Kuchitsime anayamba kufooka. Mwendo unakana, belu anasiyira ena, khola analipereka m'manja mwa mwana wawo. Ankapempha kuti mpando wawo uikidwe pakhonde, mbali yoyang'ana kugeti. Onse m'nyumbamo ankadziwa chimene ankaopa, kuti iwo akadzangotseka maso, geti nalo lidzatsekedwa. Koma sanaumirize mwana wawo kulumbira. Ankati lonjezo linali lawo, ndipo lonjezo si ng'ombe kuti mwana n'kulandira ngati chuma chamasiye.

Anamwalira m'mawa wina wa chilimwe chino, abusa atangotha kuwapempherera. Asanagone anakoka mwana wawo pamkono n'kumunong'oneza kuti chingwe cha pageti chatha, chikufunika china. Iwo anamwetulira, napinda manja pachifuwa, mpweya n'kumachepa pang'onopang'ono ngati madzi ophwa pachomwera.

Pamaliro panadzaza. Amene sanabwere kudzakwirira ng'ombe aja analankhula bwino kwambiri, ena mpaka misozi. Mwanayo anamvetsera ali chiweramire.

Maliro atatha, anatenga loko lija pamsomali, natenganso chingwe chatsopano, poti mtima unali usanasankhe. Mvula inali itachedwa, msipu utapsa, madzi m'chitsime atatsika. Pageti anapeza wogula ng'ombe uja, tsopano nkhalamba yoyendera ndodo, ataima ndi ting'ombe take toonda. Chingwe chakale chinali pomwepo, chongokoka ndi dzanja limodzi, koma munthuyo sanachikhudze. Anavula chipewa n'kunena kuti mwini wake kulibenso, ndiye sakudziwa ngati n'kololedwa. Ng'ombe zinali zitanunkhiza madzi. Zinakanikiza mphuno pawaya zikulira.

Loko linkamulemera m'thumba mwana wa a Kuchitsime. Anazungulira ziwetozo, nayang'ana ng'ombe iliyonse m'kamwa ndi m'ziboda, chinthu chimene bambo ake sanachitepo.

"Sindinakukhululukireni, achikulire," anatero. "Mwetsani."

Zitamwa n'kupita, anadula chingwe chakale n'kumanga chatsopano. Mfundo yoyamba inalimba kwambiri, yofuna manja awiri. Anaimasula n'kuyambiranso, mpaka inamasuka ndi dzanja limodzi.

Loko lili pamsomali kukhitchini, ndipo layamba dzimbiri. Mulungu awalandire a Kuchitsime kumadzi odikha, kumene kulibe waya.