Amalume asanduka chipinda cha alendo

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani zomwe zandionekera kuntchito lero.

Dzulo abwana anandiuza kuti zithunzi za zipinda zatsopano za loji yathu kuno ku Senga Bay zizioneka pa webusayiti. Seva yathu, kompyuta imene imasunga webusayitiyo, imatenga zithunzi mufoda imodzi yokha, ndiye ndimayenera kuiuza kuti izitenganso mufoda ina. Ine polemba, m'malo moilozera foda ya zipinda, ndinailozera ya zithunzi zathu zapakhomo. Osaonanso, ndinaweruka.

Mukukumbukira chithunzi chija cha amalume athu a Saidi atagona m'bwato lawo pamchenga, kukamwa kuli yasa, nkhuku yamawanga itaima pamimba? Ndi chimene chakhala pamwamba penipeni pa webusayitiyo. M'munsi mwake muli mawu akuti: "Chipinda chapamwamba, kamphepo kayaziyazi, chakudya cham'mawa chilipo."

Masana ano kwafika bambo ndi mayi ochokera ku Lilongwe, zikwama zili pakabaza. Ndawaonetsa chipinda chenichenicho, cha matailosi, koma bamboyo akukana.

"Ayi achemwali, ife tabwerera cha bwato chija. Ndipo nkhukuyo tiipeze."

Ndathamangira pakompyuta kuti ndikonze, abwana andiletsa. "Mukachotsa chithunzicho, nanunso muchoke. Foni ikungolira chiyambire m'mawa!" Akuti ndikabwereke bwatolo pamodzi ndi zonse za pachithunzipo.

Amalume ndawaimbira. Akuti bwato sakukaniza, kugonanso ndiye ntchito yawo, koma nkhuku ija tinadya pa Idi.

Ndiye abale, nditani? Alendowa akudikira pakhonde. Alipo amene ali ndi nkhuku yamawanga yosaopa mkonono?