Chidendene Chimene Chinakana Kufika Pansi

Tsiku limene anandichotsa chikhakha, chidendene changa chinakana kufika pansi. Ndinali nditathyoka mwendo wakumanzere pamwamba pa kakolo m'mwezi wa Epulo, nditaterereka m'mbali mwa ngalande mtolo wa mpunga uli pamutu. Chikhakhacho ndinakhala nacho mpaka mu Juni. Atachidula, mwendo unatuluka wowonda ngati bango, katumba ataphweratu. Poimirira ndinkangoponda ndi zala.

Bambo amene anachidulayo sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Fupa lagwirana, pitani. Wina alowe." Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa akanangondiuza chochita ndi mwendowo, miyezi yotsatirayo sikanapita pachabe.

Kunyumba anandilandira ndi achemwali anga aakulu, amene anachoka ku Naisi kudzandisamalira. Kwathu kuno wodwala sakhudza kanthu, ndipo iwo mwambo umenewu anausunga mopitirira. Anandiyalira mphasa pakhonde, mtsamiro pansi pa mwendo, n'kumandithowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndikayesa kuwongola phazi n'kubuula, ankabwera chothamanga.

"Aaa, inunso! Mukufuna lithyokenso? Likamawawa ndiye kuti m'katimo simunapole. Takhalani pansi apa."

Amayi akumpingo odzandizonda ankavomereza zomwezo, aliyense ndi nkhani ya m'bale wake amene anapunduka chifukwa cha phuma. Ndinanenepa paliponse kupatula mwendowo.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi munda wanga wa mpunga wa kusikimu, umene anandisiyira mayi. Kumeneko munda ukagona, akomiti amaupereka kwa wina. Ulimi wa chilimwe unandidutsa, ndipo akomitiwo ananditumizira uthenga kuti mvula ikadzagwa munda uli tchire, ndisadzadandaule. Amuna anga anamwalira, ana ali kutali. Kuwokera mpunga kumafuna phazi lonse m'matope, ndipo ine ngakhale kuchimbudzi kunjuta kunkandikanika.

Kumapeto kwa Seputembala ndinatuma mwana kuitana kabaza, achemwali ali kumsika. Pa Songani ndinakwera minibasi yopita kuchipatala cha m'tauni. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, mzere ukusuntha pang'onopang'ono, mpaka dzuwa litapendeka anandilozera chipinda cha mafizo, kumene amawongola ziwalo zouma. Mayi amene ndinamupeza m'menemo anakankha phazi langa m'mwamba, n'kuyeza akatumba onse awiri ndi tepi.

"Mayi, munali kuti nthawi yonseyi? Fupa linapola kalekale. Mnofu wakumbuyoku ndi umene wafupika komanso kufota chifukwa chongokhala."

Ndinamva manyazi, kenako mkwiyo. Munali kuti? Ndinali pamphasa, pomwe anandiika anthu ondikonda, popeza chipatala chomwechi sichinandiuze kanthu.

Mayi wa mafizoyo anandiphunzitsa kukoka mnofuwo. Anati si kukoka n'kusiya, koma kukoka pang'onopang'ono n'kugwira pomwepo nthawi yaitali, tsiku lililonse. Ululu wa kukokeka ndiupirire, koma wolasa ngati singano ukabwera ndileke n'kubwerera kwa iwo. Anandichenjezanso kuti kukokako kufewetsa mwendo ndi kubweza mphamvu pang'ono, koma katumba sadzadzaza ndikapanda kuusenzetsa thupi langa mwendowo.

Ndinayamba ndi chitenje. Ndinkachikoleka kuphazi n'kukokera kwa ine, mwendo uli chiwongolere. Wotchi ndinalibe, choncho ndinkaimba nyimbo ya m'buku ndime zonse ndisanasiye, n'kuyambanso ina. Patapita masabata angapo ndinatsamiritsa thabwa panjerwa, n'kumaimapo zala zili m'mwamba, manja ali kukhoma. Misozi inkatuluka, sindibisa.

Achemwali sanapirire kuona zimenezi. Ankauza anthu kuti achipatala akundizunza. Tsiku lina m'mawa ndinapeza thabwa langa ataliwaza n'kusonkhera moto wa madzi ondithowera. Ndinawauza mawu amene wamng'ono sauza wamkulu, iwo n'kumanga katundu kubwerera ku Naisi. Madzulo ake ndinazula thabwa lina pakhola la nkhuku.

Mu Novembala chidendene chinakhudza pansi. Ndinayamba kunyanyamphira ndi zala nditagwira felemu ya chitseko, kenako kuyenda mpaka pamjigo chidebe chaching'ono chili m'manja. Kufewa kunabwera msanga kuposa mphamvu, monga ananenera mayi uja. Ndinalowa m'matope mu Januwale, anzanga atatsiriza kale kuwokera.

Lero ndimayenda popanda ndodo, ndimanjuta, ndimasenza. Katumba wakumanzere akadali wocheperapo, ndipo kukazizira kakolo amauma, choncho pathabwa ndimaimabe m'mawa. Achemwali tinagwirizananso, ngakhale iwo amauzabe anthu kuti ndinachira ndi madzi awo otentha.

Inu amene muli m'chikhakha, pochichotsa musatuluke m'chipindamo musanafunse chochita ndi mwendo kapena mkonowo, ngakhale akuthamangitseni. Ukauma, bwererani sabata yomweyo, musadikire kuti abale akuloleni. Ine ndinadikira miyezi itatu, ndipo munda ndinaupulumutsa mbali imodzi yokha. Mbali ya kufupi ndi madzi, imene mayi anga ankaikonda, akomiti anali atapereka kale. M'mawa uliwonse ndimadutsa pomwepo, n'kupereka moni kwa mwini wake.