Apongozi Anga ndi Kanyumba ka Matayala

Galimoto ija ndinaigula kwa nkhalamba ina yachizungu ku Dudley, imene maso anali atayamba kuivuta. Kale inali yoyera, koma pofika kwa ine n'kuti ikuoneka ngati dzino la munthu wosuta fodya. M'kati munali bedi, katebulo, sinki, kachitofu ka gasi ndi kachimbudzi koti ukalowa umatuluka chafutambuyo. Kuno amaitcha motorhome. Mkazi wanga, yemwe ndi nesi pachipatala china mu Wolverhampton muno, anaizungulira kamodzi, n'kugunda tayala ndi phazi, n'kundifunsa ngati ndagula galimoto kapena ndagula ntchito. Ndinamuuza kuti tidzapita nayo ku Wales ndi ana. Inakhala pakhomo winta yonse ikudonthetsa oyilo pasimenti.

Kuzizira kutayamba kuchepa, kunabwera apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, kuchokera ku Dowa, kudzakhala nafe miyezi ingapo. Nyumba yathu zipinda zogona zonse zili m'mwamba, ndipo mawondo awo sanagwirizane ndi masitepe. Panalinso vuto lina limene palibe ankalitchula. Kwathu mkamwini ndi apongozi sapanikizana panjira. Ukawaona akubwera umapatuka, ngati pali tchire umalowa m'tchiremo. M'nyumba za ku England mulibe tchire. Kanjira kapakati n'koti anthu awiri sangadutsane osakhudzana mapewa. Tsiku lina nditawamva akutsika, ndinalowa m'kachipinda ka pansi pa masitepe, ndipo ndinaima mmenemo pamodzi ndi huva yokokera fumbi ndi mamopu mpaka atafika kukhitchini. Anatenga nthawi yawo potsika.

M'mawa wina apongozi anatuluka panja kukawothera kadzuwa, n'kupeza chitseko cha galimoto ija chili chosakhoma. Analowa, anakhala pabedi, anatsegula makabati onse. Atatuluka anaitana mwana wawo.

"Ine ndizigona muno."

"Amayi, anthu akutchalitchi adzati chiyani? Adzati takugonekani m'galimoto."

"Adzati ndili ndi nyumba yanga. Iwowo ali nayo?"

Nkhani inathera pomwepo. Ndinakoka chingwe cha magetsi kuchokera m'nyumba kuti hita iziyaka, ndinadzaza thanki ya madzi, iwo anapachika zitenje m'mawindo. Kuyambira tsiku limenelo galimoto yanga inasanduka kanyumba kawo, ndipo ine ndinasanduka landilodi wa munthu amene sindinkayenera kumuyang'ana m'maso.

Madandaulo ankabwera kudzera mwa mkazi wanga. Tinkatha kuima tonse atatu pakhomo, iwo n'kunena kuti, "Uwauze abambo kuti nyale zikumazima zokha," ine ndili pomwepo ndikumva. Mkazi wanga ankatembenuka n'kubwereza mawu omwewo, ine n'kuyankha kuti, "Auzeni amayi kuti ndiona." Ana ankatiyang'ana ngati tikuchita sewero.

Za nyalezo ndinayamba ndi nzeru ya munthu aliyense wosadziwa: kusintha batire. Galimoto zoterezi zimakhala ndi mabatire awiri, lina loyatsira injini, lina la nyale ndi pampu ya madzi, lobisika pansi pa mpando. Ndinagula latsopano, n'kuliika, n'kudziyamikira. Patapita masiku ochepa nalonso linatha mphamvu.

Kenako kunabwera uthenga wina. Mkazi wanga anali atangofika kuchokera ku shifiti yaitali, akuvula nsapato ali chiimire.

"Amayi akuti pansi pa galimoto pakumabwera nkhandwe."

Nkhandwe kuno zilipodi, zimang'amba mabini. Loweruka lonse ndinalithera pozungulira galimoto ndi waya wa sefa, ndikukwawa ngati buluzi, kutseka paliponse pamene nyama ingalowere. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndayamba kuweta nkhuku. Lolemba uthenga unabwera woti nkhandwe ija ikadalipo.

Ndinagula kamita koyezera magetsi, ndinaonera mavidiyo pa foni mpaka maso kuwawa, ndipo ndinaona kuti ntchitoyi siingatheke ndili panja. Ndiyenera kulowa. Tsiku limene ndinali ndi ofu ku weyahausi kumene ndimagwira ntchito, mkazi wanga anali ku shifiti, ana ali kusukulu. Ndinaima pachitseko cha galimoto yanga yomwe, n'kuwomba m'manja.

"Odi, amayi."

Anasunthira kumapeto kwa bedi, anakonza chitenje chawo, n'kuyankha akuyang'ana ketulo.

"Lowani, bambo."

Ndinagwada, n'kutukula mpando, n'kuyeza batire. Linali lofooka. Ndinatsata waya mpaka pakabokosi kamene kamayenera kulitchaja kuchokera ku magetsi a m'nyumba, ndipo ndinapeza kafiyuzi kakang'ono katapsa, kakuda bii m'kati. Nthawi yonseyi batire linkangodyedwa osabwezeredwa. Ndinaika fiyuzi ina, kanyale kobiriwira kanayaka. Ndinafuna kuuza munthu, koma munthu amene analipo ankacheza ndi ketulo.

Ndikadali chigwadire, pansi pa bedi panamveka kulira, grrr, kamphindi kochepa, n'kusiya. Ndinadikira. Kunamvekanso.

"Amayi, kodi nkhandwe ija ndi imeneyi?"

"Ine sindinanene kuti nkhandwe. Ndinati chikulira ngati nkhandwe. Mwana uja samva, chiyambire ali wamng'ono."

Ndinayesa kudzigwira koma chiseko chinatulukira m'mphuno. Iwo anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Kanali koyamba kuti ine ndi apongozi anga tigwirizane pa chinthu, ndipo chinthucho chinali kujeda mkazi wanga.

Cholira chija inali pampu ya madzi. Imayenera kulira pokhapokha munthu akatsegula mpopi. Ikamadzilirira yokha ndiye kuti madzi akuthawira penapake, ndipo ikamalira usana ndi usiku imamaliza batire. Ndinafunsa ketulo ija, popeza ndi imene inkatiimira pakati, ngati pali pamene pakudontha.

Apongozi anayang'ana kusinki. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, n'kutsegula kabati ya pansi pa sinki. Munali beseni lofika madzi pakati, ndi mathaulo athu awiri amene mkazi wanga anali atawafunafuna mpaka kunamizira ana.

"Ndinakankhiramo poto tsiku loyamba lija," anatero. "Ndiye ndinati ndaboola ndine. Munthu wangofika kumene n'kuyamba kuwononga katundu wa eni ake."

Ndinawalitsa tochi. Kapulasitiki kolumikiza mapaipi awiri kanali kong'ambika m'litali, mmene zimang'ambikira madzi akaundana m'kati nthawi yozizira. Ndinali nditasiya madzi m'mapaipi winta yonse. Ndinawaonetsa mng'aluwo, n'kuwafotokozera kuti poto wawo alibe mlandu.

"Ndiye kuti ndi inuyo."

"Ndi ine, amayi."

"Chabwino," anatero, ndipo nkhope yawo inamasuka ngati munthu amene wapambana kubwalo. Ndinapita kukagula kolumikizira kena, ndipo pobwera ndinapeza kapu ya tiyi ili pa sitepe ya galimoto, yovindikiridwa ndi sosa. Ndinakamwera kuseri.

Patapita milungu ingapo anayamba kunena za mwana wa malemu achimwene awo, mtsikana amene anali atangobwera kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Nuneaton. Ankafuna kukamuona, ndipo ankafuna kupita ndi kanyumba kawo, chifukwa anali atamuuza kale pa foni kuti ali ndi nyumba yoyenda ndipo mtsikanayo anaseka. Kuti galimoto ilowe mumsewu inayenera kukapimidwa kaye, zimene kuno timati MOT, ndipo ndinkadziwa kuti nyale zakumbuyo zili ndi misala. Kuti ndione bwinobwino panafunika wina woponda buleki ine ndili kumbuyo. Mkazi wanga anali atagona, atachokera ku shifiti. Amene anali maso anali amodzi okha.

Anali asanakhalepo pampando wa dalaivala moyo wawo wonse. Anakwera mwaulemu ngati akukwera paguwa, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri ngakhale injini inali yozima. Ndinawalozera chopondera chapakati, n'kupita kumbuyo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndiyenera kukuwa, ndipo munthu sakuwira apongozi ake.

"Amayi, ngati n'kotheka mutapondako," ndinatero ndi mawu a m'tchalitchi.

Palibe chinachitika.

"Amayi, mutapondako pang'ono."

Hutala inalira mpaka nkhunda zinauluka padenga. Anali atatsamira chiwongolero pofuna kumva zimene ndikunena. Mkazi wanga anatsegula windo la m'mwamba, anatiyang'ana tonse awiri, n'kulitsekanso.

Pamapeto pake ndi iwo amene anatulutsa mutu pawindo. "Bambo, lankhulani ngati mwamuna. Mukati ponda ndiponda."

Ndiye ndinakuwa, iwo anaponda. Nyale ya buleki ikayaka, ya indiketa nayonso inkayaka mofooka, ngati ikuperekeza. Mavidiyo aja anali atandiphunzitsa kuti zikatero ndiye kuti waya wopita ku chitsulo cha galimoto sakugwira bwino. Ndinamasula nyale yonse, ndinapeza waya uja atamangidwa pa bawuti ya dzimbiri lokhalokha. Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, n'kumanganso. "Pondani," ndinakuwa. "Siyani. Pondaninso." Nyale iliyonse inayamba kugwira ntchito yake yokha. Iwo anapitiriza kuponda ngakhale nditamaliza, akuti mwendo unkamva bwino.

Galimoto inakhoza mayeso, ndipo Loweruka lina m'mawa tinanyamuka awiriwiri, chifukwa mkazi wanga anaitanidwa kuntchito mwadzidzidzi ndipo ana anali ndi mpira. Apongozi anakhala kumbuyo patebulo, atamanga lamba, atafungatira thumba la mtedza ndi ufa zopita kwa mtsikana uja. Tinadutsa Cannock bwinobwino. Titayandikira Tamworth, kutsogolo kunayamba kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo kanyale kofiira ka batire kanayamba kuphethira.

"Imeneyo ndiye si nkhandwe," anatero kumbuyoko.

Ndinaima pamalo opatukira m'mbali mwa msewu, n'kutsegula boneti. Lamba wa injini amene amazunguza kamakina kotchaja batire anali atakhwefuka, bawuti yake itamasuka. Kukonza kwake n'kosavuta: ukankhe kamakinako ndi chitsulo kuti lamba akungike, n'kumanga bawuti. Koma pamafunika manja atatu. Ndinayesa kukankha ndi chigongono, sipanala inagwa. Ndinayesa ndi chifuwa, ndinapsa ndi paipi yotentha. Ndikutola sipanala kachiwiri, ndinaona nsapato zawo zakutchalitchi zitaima pambali panga.

"Ndigwire pati?"

Ndinawapatsa chitsulo chomasulira matayala, n'kuwaonetsa pokanikiza. Anakulunga manja a juzi, n'kutsamira ndi thupi lonse. Ndi mayi amene analima fodya zaka zambiri, ndipo lamba anakungika mpaka ndinachita kuwapempha kuti achepetseko. Mitu yathu inali pansi pa boneti imodzi, phewa langa likukhudza lawo, malole akudutsa n'kumatipemerera mphepo. Ndinamanga bawuti ndikuyang'ana bawuti yokhayo.

Nditaliza injini, nkhumba ija inali itapita, kanyale kofiira katazima. Anapukuta manja ndi chitenje, n'kumasula thumba lija, n'kutapa mtedza, n'kundithirira m'dzanja langa lakuda ndi oyilo.

"Idyani. Koma izi zisakamveke ku Dowa."

Ndinadya iwo akuona. Mtedzawo unkamveka dizilo.

Ku Nuneaton mtsikana uja anatuluka m'nyumba imene ankakhala ndi anzake a ku Zambia, ali ndi yunifolomu yake, ndipo atawaona azakhali ake akutsika m'galimoto analira. Anagwirana nthawi yaitali pamsewu pomwepo. Kenako apongozi anawalowetsa onse m'kanyumba kawo mmodzimmodzi, kuwaonetsa bedi, mpopi wotuluka madzi, nyale zoyaka. Ndinali panja ndikuyang'ana matayala, ndipo ndinkawamva akufotokoza.

"Inafika ili yakufa imeneyi. Pampu tinakonza, mabuleki tinakonza. Lero pamsewu injini inafuna kutivuta, ndinachita kutsika ndekha."

"Nanga alamu ankatani?" anafunsa mtsikana uja.

"Ankathandizako."

Pobwerera madzulo sanapite kutebulo. Anatsegula chitseko chakutsogolo, anakwera, n'kumanga lamba. Tinayenda mpaka kudutsa Atherstone. Kenako anayang'ana malole amene ankatipitirira limodzi ndi limodzi, n'kundifunsa ngati galimotoyi ilibe giya ina, chifukwa malemu amuna awo pa njinga yakapalasa ankafulumirako.

Anabwerera ku Dowa masamba a mitengo atayamba kufiira. Chinthu chimodzi chimene sindinathe kukonza nthawi yonse imene anali nafe ndi kafiriji ka m'galimotomo. Ndinasintha fiyuzi, ndinatsuka kapaipi ka gasi, ndinayeza mawaya onse, koma sikanazizirepo. Iwo sanadandaule nako ngakhale kamodzi. Tikukonza m'galimotomo atapita, mkazi wanga anakatsegula n'kupezamo nsapato zawo zakutchalitchi, zopakidwa polishi, zitayalidwa bwinobwino pashelefu ya mazira. Anawaimbira foni kuwauza kuti aiwala nsapato. Anayankha kuti sanaiwale, tizisiye momwemo, ndipo firijiyo isakonzedwe.