Bulauzi ya a Dolika

Akulu anga, a Dolika, ndiwo ankasambitsa maliro m'mudzi mwathu ku Chipangali. Palibe anawasankha. Matenda owondetsa aja atafika pachimake cha m'ma 1993, anthu ankaopa ngakhale kukhudza mphasa ya womwalira, koma iwo ankangotenga beseni ndi kachidutswa ka sopo n'kulowa m'nyumba. Sanali munthu wofatsa ayi. Ankasambitsa mtembo uku akukalipira eni maliro kuti madzi achepa.

Chimene ankachikonda pa dziko lino chinali bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi. Kwathu mayi wachigwirizano amaikidwa m'manda atavala yunifolomu yake, ndipo a Dolika ankakonda kunena kuti, "Lipenga likadzalira, Yesu adzandipeze nditavala, osati ndili m'chitenje ngati ndikupita kudimba."

Kenako anakwatiwa pamitala ndi a Lazarus, dalaivala wa malole a ku Mwami, ndipo mpingo unawadula. Pamenepo sinditsutsa, lamulo ndi lamulo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti a Bizwell, mkulu wa mpingo, anachita kupalasa njinga okha kudzalanda bulauziyo, n'kuimangirira pakaliyala ngati nkhuku.

Chaka chotsatira mwana wa a Bizwell, Clement, anabwera kuchokera ku Lusaka atatsala mafupa okhaokha. Atamwalira anamusambitsa ndani? A Dolika omwewo. Bambo ake anali panja patsinde pa mango, akusanthula mavesi.

A Dolika atamwalira mu 1997, ndinapita kukagwada kwa a Bizwell kupempha bulauzi ija. Ndinawakumbutsa mitembo yonse imene akulu anga anasambitsa, ndi wa Clement womwe.

"Mayi Rozi," anatero, "munthu sapulumuka ndi ntchito, koma ndi chikhulupiriro. Odzaukira kumoyo ndi olungama. Akulu anu afera kunja kwa mpingo."

"Nanga chikhulupiriro chanucho chinasambitsapo ndani?" ndinawafunsa.

Anangotseka Baibulo. Ndinabwerera chimanjamanja.

Thupi ndinalisambitsa ndekha, movutikira, poti wodziwa ntchitoyo ndiye anali gone pamphasapo. Ndikusankha chitenje chooneka bwinoko choti ndiwaveke, analowa mayi Edita, akazi awo a Bizwell, amake Clement. Anali atavala yunifolomu yonse, chonsecho amuna awo anali ataletsa amayi kuvala pa maliro amenewa. Moni sanandipatse. Anamasula mabatani, anavula bulauzi yawo, n'kunena kuti, "Adzutseni mapewa." Tinawaveka a Dolika. Inawakulira, mpaka tinachita kupinda manja ake.

Mayi Edita anafunda chitenje ndinasankha chija, n'kutuluka, kudutsa pamaso penipeni pa amuna awo.

Lamulungu lotsatira a Bizwell anawerenga okha dzina la akazi awo pakati pa odulidwa, mawu osanjenjemera n'komwe. Ine mpaka pano sindiwapatsa moni. Tikakumana konko tsiku la kuuka, ndipo a Dolika adzakhala atavala.