Zenera la Abambo a Kunyumba ku Area 43

Titapeza poloti ku Area 43, amuna anga anayamba kujambula nyumba paliponse, pa maenvulopu, kuseri kwa kalendala, ngakhale pa pepala lokulungira buledi. Nyumba zonsezo zinali ndi chinthu chimodzi chofanana: magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Iwo ankagwira ntchito ku City Centre, m'nyumba yosanja yamagalasi okhaokha, ndipo ankaikonda kwambiri. Ine ndinkangodabwa kuti m'mwezi wa Okutobala, anthu tonse tikutuluka thukuta, iwo ankanyamula juzi popita kuntchito chifukwa makina oziziritsa mpweya ankawaziziritsa kwambiri. Magetsi akazima, ankabwera kunyumba shati ili chonyowa, akudandaula kuti jenereta yawapweteketsa mutu.

Mmisiri tinamupeza kudzera mwa mnzanga wa kuchipatala kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino. Anali bambo wachikulire, Msilamu wa ku Old Town, wochepa thupi, woyenda pa njinga yakuda, kofia ili kumutu. Tsiku loyamba sanatulutse ngakhale tepi yoyezera. Anangoima pakati pa poloti, natola udzu wouma, n'kuuponya m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Kenaka anayang'ana pulani ya amuna anga kwa nthawi ndithu.

"Bwana, nyumbayi ndi yokongola," anatero. "Koma mukufuna kugonamo kapena kuphikiramo mikate?"

Ine ndinaseka mpaka kugwira mpanda. Amuna anga sanaseke.

Amisiri anafotokoza modekha kuti mazenera akuluakulu ayang'ane kumpoto ndi kummwera, moyang'anizana, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Kumadzulo kukhale khoma, chifukwa dzuwa la masana ndilo limapsereza nyumba. Denga likhale lalitali, khonde lotambalala kuti mthunzi uzigwera pa khoma. Zonsezi amuna anga anavomera monyinyirika. Nkhani inavuta pa njerwa.

Tinali titagwirizana kale ndi munthu wina wa kumudzi kwathu kuti atiwotchere uvuni. Amisiri anapukusa mutu. Anati iwo anakulira mu Lilongwe momwemuno, ndipo mitengo yomwe ankaiona m'mbali mwa misewu yolowera m'tauni inathera m'mauvuni a nyumba zomwe iwo eni anamanga. "Ndawotchetsa mitengo yokwanira, mayi," anandiuza. "Ukalamba uno sindikufuna kuwonjezera." Anati tiumbe njerwa ndi dothi la pa poloti pomwepo, losakaniza ndi simenti pang'ono, n'kulipanikiza pa makina a m'manja. Zikauma zimalimba popanda moto.

"Zidina?" anafuula amuna anga. "Madala, ndichoke kumudzi, ndiphunzire sukulu yonseyi, kuti ndidzamange nyumba ya zidina ku 43?"

Sabata yotsatira amisiri anabwera ndi njerwa imodzi yotero atamanga pa kaliyala wa njinga, n'kuiviika mu ndowa ya madzi. Inakhalamo masiku atatu. Amuna anga ankapita kukaisuzumira m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, akuyembekezera kupeza phala. Tsiku lachitatu anaivuula, naiponya pansi, naiponda ndi nsapato ya ku ofesi. Njerwa inangokhala phee.

"Chabwino," anatero. "Koma chipinda changa chowerengera musachikhudze. Chimenecho ndikufuna galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo. Ndizionera dzuwa likulowa."

Amisiri anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kumwamba. "Nyumba ndi yanu, bwana," anatero.

Ntchito inatenga nthawi, monga zimakhalira. Lachisanu lililonse amisiri ankasamba m'manja nthawi ya masana isanakwane, n'kupalasa njinga kupita ku mzikiti, ndipo anzawo omanga, omwe ambiri anali Akhristu a m'midzi yozungulira tauni, ankapezerapo mpata wogona pansi pa mtengo wa mango womwe amisiri anakaniza kudula. Anthu odutsa pa galimoto ankachepetsa liwiro kuti aone khoma lofiiralo. Mayi wina woyandikana nafe anandifunsa mwachifundo ngati zinthu zikutivuta, kuti mwina atithandize kupeza njerwa zenizeni.

Tinalowa m'nyumbamo mu Seputembala. Okutobala atafika ndi ukali wake, ndinkati ndikachokera kuchipatala, kungotsegula chitseko, thupi lonse linkamasuka. M'nyumba munali mozizira ngati mumtsuko. Masana sitinkayatsa getsi ngakhale limodzi, ndipo fani yomwe tinabwera nayo kuchokera ku nyumba ya lendi inangokhala pamwamba pa kabati.

Sinakhalepo nthawi yaitali. Amuna anga anaitsitsa mwakachetechete n'kupita nayo m'chipinda chawo chowerengera. Ikakwana 3 koloko, chipindacho chinkasanduka ng'anjo. Iwo ankakhalamo ndithu, atavula shati, fani ikuwauzira mpweya wotentha, akunamizira kuwerenga. Ndikawafunsa kuti zikuyenda bwanji, ankati, "Bwinobwino. Taonani kukongola kwa dzuwalo." Loweruka lina magetsi anazima, fani n'kuima. Ndinamva kukwekwereza m'kholido. Anali iwo, akukoka desiki yawo kupita nayo pabalaza, osandiyang'ana kumaso.

Chipindacho sindinachisiye chabe. Ndinayalamo mphasa n'kuyamba kuyanikamo mfutso. Nkhwani ndi chitambe zinkauma tsiku limodzi, popanda fumbi kapena ntchentche. Nthawi ya mvula ndinamangamo chingwe cha zovala, ndipo mayunifolomu anga ankauma anzanga akudandaula za chinyontho. Amuna anga ankadutsa pakhomopo ngati sakuona.

Amisiri anabwera kudzationa mu Juni, atamva kuti chitseko cha kukhitchini chikuvuta kutseka. Kunja kunkazizira zedi. Atamaliza kukonza, anatipeza tonse, ine, amuna anga ndi ana athu awiri aakazi, titaunjikana m'chipinda chagalasi chija tikumwa tiyi, chifukwa nyengo imeneyo ndimo munkafunda bwino madzulo.

Amuna anga anadzuka msanga. "Madala, lowani, lowani! Mwaona? Zenera langa lija!"

Amisiri anavula nsapato, nakhala pa mpando, natambasula miyendo padzuwa. Analandira kapu ya tiyi ndi manja awiri.

"Miyezi iwiri pa chaka, bwana, mumakhoza ndinu," anatero. "Inayo mundisiyire ine."

Asanapite analangiza kuti tidzale mpesa kunja kwa zeneralo, chifukwa umachita masamba nthawi yotentha n'kuyoyoka nthawi yozizira. Amuna anga anaudzala okha Loweruka lotsatira, ndipo mpaka lero salola munthu wina aliyense kuuthirira.