Kapaipi kamene ndinamangira galasi

Ndavomera, cholakwa chinali changa. Ndinazula kanthu m'galimoto osadziwa ntchito yake, kenako ndinanyoza munthu osadziwa kuti ndi ndani. Inu owerenga, zonse ziwirizi zinandibwerera tsiku limodzi.

Ndine dalaivala pa Mangochi boma. Ndimayendetsa pikapu ya achimwene, ya folowilu, yotha kukoka ndi matayala onse anayi, yonyamula nsomba. Tsiku lina ndikutsuka injini ndinaona kapaipi ka labala kakulendewera, kong'aluka kumapeto. Ndinati n'kachabechabe. Ndinakazula n'kumangira galasi la pambali limene linkagwedera.

Loweruka lotsatira ndinanyamula amalume anga awiri, atavala makanzu oyera, kupita kumudzi wina kupitirira Nkopola kukafunsira mbeta. Njira yonse ndinkadzitama kuti galimoto imeneyi ngakhale mtengo ikhoza kukwera.

Titasiya tala tinafika pakamtsinje kouma, mchenga wokhawokha. Ndinatchera folowilu, kagetsi kosonyeza kuti yalowa kanayaka bwinobwino, ndinalowamo. Pakati penipeni galimoto inakhala pansi. Matayala akumbuyo ankakumba ngati nkhuku, akutsogolo ali phee. Amalume anatsika kukakankha. Ndinaponda moto, mchenga wonse n'kuthera pamakanzu paja.

Kenako panatulukira bambo wina wachikulire pa njinga yakutha. Anapereka salamu, n'kunena kuti mahabu akutsogolo, zitsulo zolumikiza matayala ku mphamvu ya injini, sanatseke, mwina mpweya ukuthawa penapake. Ine thukuta lili kamukamu ndinayankha kuti, “Madala, iyi si njinga. Pitirirani.”

Sanakwiye. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kupempha jeke kwa amalume. Anaika thabwa pansi, anakweza tayala limodzi lakutsogolo, n'kundiuza kuti ndilize injini folowilu ili yotchera. Analizunguza tayalalo ndi dzanja. Linazungulira lokha, chitsulo cholitembenuza chili chiimire. Anatsegula boneti n'kutchera khutu, ndipo tonse tinamva kaphokoso kakuti tsiii. Anafotokozera amalume, osati ine, kuti injini imakoka mpweya kudzera m'timapaipi, ndipo kukokako ndi kumene kumatseka mahabu. Kapaipi kamodzi kakasowa, kagetsi kamayaka ndithu koma matayala sagwira.

Anafunafuna kapaipiko pansi, osakapeza. Poweramuka maso awo anagwera pagalasi. Anandiyang'ana, anayang'ananso galasi. Ndinalakalaka nditakwiririka mumchenga momwemo.

Anakamasula, anadula kong'aluka kuja ndi mpeni, anakauzira mpweya chala chili kumapeto kuti aone ngati sikakudontha, n'kukabwezera. Tinamva kuti kha! Galimoto inatuluka ngati palibe chinachitika. Ndisanapeze mawu othokozera, anali atakwera njinga yawo n'kulowera njira yachidule.

Tinafika kwa mbeta kuja, tinakhala pamphasa, n'kuuzidwa kuti tidikire mwini mbumba akusamba m'manja. Inu owerenga, amene anatuluka m'nyumbamo, girisi akadali m'zikhadabo, anali madala a njinga aja. Malume weniweni wa mkazi amene ndinkamufuna, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti anagwira umakaniko ku Joni mpaka imvi.

Amalume anga anayamba kutsokomola onse awiri. Mwini mbumba anamvetsera nkhani yathu modekha, n'kunena kuti, “Mwana wathuyu ndi wa pa njinga. Kaya akwanira m'galimoto yanu?”

Tinabwerera opanda yankho. Ndinapitako maulendo anayi kukapepesa, ndipo ulendo uliwonse ankandilamula kusiya galimoto pa tala n'kuyenda wapansi dzuwa lili pamutu. Anadzavomera mvula itagwa kale. Lero ndili pabanja, koma kumudzi kumeneko dzina langa palibe amene amalidziwa. Ngakhale ana anga akapita kwa agogo awo amatchedwa ana a Che Kapaipi.

Choncho abale anga, folowilu ikakana musathamangire kutukwana giyabokosi, ndipo kagetsi musakakhulupirire. Kwezani tayala, zunguzani, mverani pamene mpweya ukuthawira. Kanthu kamene simukukadziwa m'injini kasiyeni. Ndipo munthu wachikulire akaima kuti akuthandizeni, makamaka kufupi ndi kwawo kwa mkazi amene mukumufuna, vulani chipewa mumugwirire njinga.