Chifunga cha a Sadiki ndi nkhope ya mayi anga

Tsiku limenelo mwera unaomba kuyambira m'mawa, koma dzuwa litapendeka unaleka mwadzidzidzi, nyanja n'kuchita bata ngati madzi a mumtsuko. Kunkazizira. Ndimakumbukira kugunda kwa misi ya amayi osinja makaka a chinangwa, nkhafi zogogoda m'mbali mwa mabwato a asodzi a mpasa, ndi utsi wa nsomba zowamba umene unkakwawa pansi m'malo mokwera kumwamba.

Mudzi wathu uli pakati pa Bua ndi Liwaladzi, ndipo nyumba yoyandikana nafe inali ya a Sadiki, ojambula zithunzi. Iwo anali Msilamu, ife Akhristu, koma moto tinkapalirana. Ankazungulira midzi pa njinga, kamera yakuda ili pakhosi, kujambula maukwati, makanda, ndi anyamata ovala magalasi obwereka. Filimu ikadzaza ankaitumiza kutauni kukatsukitsa. Munthu akauma thupi pojambulidwa ankamuuza kuti, "Masuka iwe, si mfuti iyi."

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu ankawaseka nacho: ankajambula chifunga. M'nyengo yozizira, chikatuluka m'mabango a ku Bua n'kuyala pamadzi dzuwa likulowa, ankasiya ngakhale chakudya. Akazi awo ankakuwa ali pakhonde, "Kodi chifungacho chakuitanirani ukwati?" Iwo ankangoti, "Munthu ndimupeza mawa. Ichi sichidikira."

Chaka chimenecho mayi ankadwala chifuwa, ndipo m'mawa mwake bambo ankawatengera kuchipatala kuboma. Mayi anali asanajambulitsepo chibadwire. Anandiitana nati, "Yohane, kawauze a Sadiki abwere kusanade. Ndikufuna ana mukhale ndi kena koyang'ana."

Ndinawapeza kudooko atangomaliza kujambula asodzi ndi khoka lawo latsopano. Anayang'ana pamwamba pa kamera nati, "Katsala kachithunzi kamodzi. Ka amayi akowo. Tiye."

Tinadzera pamchenga, iwo akukankha njinga. Pamenepo ndi pamene chifunga chinabwera. Chinayamba ngati utsi wa m'munda, kenaka chinameza mabango, chinameza malire a madzi ndi thambo, ndipo dzuwa lolowera kumapiri kumbuyo kwathu linachipaka mtundu wa papaya wakupsa. Bwato limodzi linkaoneka ngati lapachikidwa m'malere, munthu ataima chilili m'katimo. Ngakhale ine, mwana, ndinaima. A Sadiki anagwetsa njinga, anagwada bondo limodzi pamchenga wonyowa, anagwira mpweya, ndipo ndinamva kuti tcha.

"Nanga ka mayi?" ndinafunsa.

"Kamera imabisa kena kapadera," anatero, akupotoza kachitsulo kapamwamba kwa nthawi yaitali. Ndinawakhulupirira.

Kunyumba tinapeza mayi atakhala kale pampando pabwalo, atavala duku loyera la kutchalitchi ndi chitenje chimene ankasunga pansi pa sutikesi. A Sadiki anawatembenuzira kumene kunatsala kuwala, anawaseketsa, najambula. Nthawi yomweyo azana yoitanira mapemphero inamveka kumzikiti ndipo anatsanzika mofulumira.

Mayi sanabwereko kuchipatala. Zithunzi zitabwera, asodzi analandira chawo, koma kwa ife a Sadiki anabwera kofia ili m'manja nati kwa bambo, "Pepani achimwene, chinapsa." Zithunzi zinkapsadi masiku amenewo. Bambo anati, "Mwini zonse ndi Mulungu," nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinakula, ndipo nkhope ya mayi inayamba kufufutika m'mutu mwanga. Duku ndinkaliona, mawu ndinkawamva, koma pakati pa duku ndi khosi panalibe kanthu.

Nditatsala pang'ono kukwatira ndinapita kukawapempha a Sadiki kuti adzajambule ukwati wanga. Anandikhazika pamkeka.

"Mwana wanga, cha amayi ako sichinapse," anatero. "Munalibe filimu. Ojambula tonse timatero ikatha anthu atavala kale: umajambula mphepo kuti usawachititse manyazi, n'kudzati chinapsa, n'kudzabwereza. Ine ndinkati abwerako sabata yomweyo."

Anatulutsa chithunzi cha chifunga chija kuti andipatse. Sindiname, chinali chokongola. Sindinachilandire. Paukwati ndinaitana wojambula wa ku Dwangwa.

Sindinawalalatire, ndipo sindinauze munthu kupatula mkazi wanga Esinati. Moni ndinkawapatsa, kumaliro a akazi awo ndinakumba nawo manda, koma pamkeka pawo sindinakhalenso. Popemphera madzulo, ndikafika pa mawu a kukhululukira otilakwira, ndinkathamangitsa lilime. Esinati ankazimva. Tsiku lina anati, "Bambo, anthu amati inu simuweruza munthu. Sakudziwa kuti mlandu umodzi munaugamula kalekale, koma woweruzidwayo simunamuuze chilango chake chidzatha liti."

Esinati anamwalira chaka chatha. Zithunzi zake ndili nazo zambiri mufoni, ana anajambula mpaka zotopetsa. Anthu a pamaliro atabalalika, madzulo ena ndinamva ndodo ikugogoda pabwalo. Anali a Sadiki, atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala. Anakhala pansi osadikira mpando.

"Yohane, sindinabwere kudzapepesa maliro okha," anatero. "Maso anapita, ndipo mutu ukutsatira. Ndati ndikupatse chithunzi chako chisanafufutike. Filimu munalibe, koma diso langa linalimo."

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, dzanja likujambula m'malere. Anati mayi anali ndi mphumi yotakata ngati yanga, ndi kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere. Anati mano akutsogolo anali ndi mpata, ndipo poseka ankabisa ndi nsonga ya chitenje. Anati masaya anali atalowa ndi matenda, koma khosi analiwongola ngati mtsikana wopita kubwalo la gule wa chioda.

"Nditati masukani, si mfuti iyi, anandiyankha kuti, 'A Sadiki, ikhale mfuti, isakhale mfuti, ine ndakonzeka.' Anaseka, diso limodzi n'kutsinzina. Sankayang'ana kamera ayi. Ankayang'ana iwe, unaima kumbuyo kwanga utagwira njinga."

Mpata wa mano uja ndinali nditauiwala. Atangoutchula, nkhope yonse inabwera pansi pa duku, ndipo ilipo mpaka lero.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mkeka ndi kuwayalira, ndipo ndinakhala nawo pomwepo. Tinamwa tiyi. Anandifunsa ngati kunyanja kunali chifunga, ndinawauza kuti kunalibe, kunali mafunde okha. Kenaka ndinawagwira dzanja ndi kuwaperekeza mpaka pakhomo pawo kuti asachedwe swala ya kumzikiti.

Sindikunena kuti anachita bwino. Chimene anachita chinali cholakwa, ndipo iwo ankadziwa kuposa ine. Koma ndinawakhululukira.